Chingwe chikalowa sindiye kuti ndi chake

A Admin mundikhululukire, lero ndilemba motalika ndipo ena ziwawawa. Ndakhala chete miyezi iwiri kudikira kuti mtima uphwe, koma dzulo ndaona mnyamata wina akufunsa muno za chingwe cha power supply, ndipo onse amene anamuyankha ananena chimodzimodzi: "Ndili nazo zambiri, bwera usankhe, chilichonse chimalowa." Mawu amenewo ndi amene anandiphera hard disk ine. Mnyamata iwe, ngati ukuwerenga, usalumikize kanthu mpaka ufike kumapeto.

Kwa amene simundidziwa, ine ndimakhala ku Chiwanda, kummwera kwa Mbamba Bay, njira yolowera kumalire a Mozambique. Geni yanga ndi usipa. Ndimagula kwa asodzi, kuyanika, kutumiza ku Mbinga ndi ku Songea, ndipo pobwerera ndimanyamula katundu wa m'duka. Nyanja ikalola ndimaolokanso kupita ku Nkhata Bay. Ine si fundi wa makompyuta. Zimene ndilembe apa ndaziphunzira polipira, ndipo mtengo wake unali wowawa.

Mwana wanga wamkazi atamaliza Fomu 4 anaphunzira kutayipa. Kwathu kuno munthu akafuna kusindikiza kalata imodzi yokha amakwera bodaboda mpaka ku Mbamba Bay, ulendo kudula kuposa kalatayo. Ndiye tinagwirizana kuti chipinda chakumaso chikhale ka stationery, mwanayo azipezapo ya sopo m'malo mongokhala pakhonde. Ndalama yogulira kompyuta yathunthu pakamodzi ndinalibe. Mphwanga wina amene amakonda zinthu zimenezi anati, "Malume, tiyeni timange tokha, tizigula chimodzichimodzi." Tinatero. Bokosi lake ndinalipeza ku Songea. Motherboard ndi processor zinachokera ku Dar es Salaam m'chikwama cha mnzathu wa m'gulu lomwe lino. RAM inaoloka nyanja kuchokera ku Mzuzu. SSD ndinagula yatsopano. Ndinasunganso hard disk ya laputopu yanga yakale imene inafa sikirini, kuti tikamaliza tiilumikize titengemo zinthu. M'menemo munali kaundula wa ngongole: amene ndinawapatsa usipa ku Mbinga kuti adzalipire akagulitsa, asodzi amene ndinawabwereka za mafuta a injini ndi nyali, tsiku ndi kuchuluka kwake, zonse. Munalinso zithunzi za malemu mayi anga, zimene kwina kulikonse kulibe.

Chomaliza kugula chinali power supply, kabokosi kachitsulo kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira zida zonse za m'kati. Ndinagula yakale kwa mnzathu amene amabweretsa zida za makompyuta. Dzina sinditchula, akudzidziwa. Anandiuza kuti ndi yapamwamba, ya mtundu umene amati modular, kutanthauza kuti zingwe zake sizinamatiriridwe, zimazulidwa ndi kubwezeretsedwa. Inafika m'jumbo ndi zingwe 2 zokha: chachikulu cha mapini 24 cha motherboard, ndi cha mapini 8 cha processor. Mphwanga atayala zonse pamphasa anakanda mutu n'kuti, "Malume, cha SATA palibe." Chimenecho ndicho chimapereka magetsi ku SSD ndi ku hard disk. Popanda icho kompyuta imayaka, fani imazungulira, koma ilibe posungira ngakhale chilembo chimodzi.

Ndinayamba kusaka. Ku Mbamba Bay maduka a mafoni ali ndi matchaja odzaza khoma, HDMI ilipo, zingwe za pakhoma zilipo, koma ichi anangochiyang'ana pa chithunzi n'kupukusa mutu. Ndinakwera basi makilomita 66 aja mpaka ku Mbinga, palibe. Ku Songea ndinazungulira tsiku lathunthu ndikusiya katundu wanga pa sitendi. Ndinatumiza uthenga kwa mnzanga ku Mzuzu kuti akayang'ane ku Taifa Market ndi kwa anyamata okonza makompyuta m'tauni. Anati wapeza chofanana, koma inali nthawi ya mwera, maboti sanali kuoloka, ndipo mwera utaleka iye anali atapita ku Karonga. Lero ndimathokoza mwera umenewo, chifukwa chofanana chakecho chikanachita zomwezo. Milungu isanu inatha, mwana akuyang'ana kompyuta yosagwira ntchito ngati mphika wopanda moto.

Pomaliza ndinabwerera kwa amene anandigulitsa. Anakoka katoni pansi pa tebulo, zingwe zakuda zitapiringizana ngati ukonde woiwalidwa pamchenga. Anasolola chimodzi. Ndinafunsa, ndipo ndikufuna mumve bwino kuti ndinafunsa:

"Achimwene, n'chake chimenechi? Si cha makina ena?"

Anaseka. "Achimwene, chingwe ndi chingwe. Werengani mabowo, 6. Werengani mapini, 6. Tayesani, chalowa kapena sichinalowe?"

Chinalowa. Chinachita kulira "kha" ngati chinabadwira pomwepo. Ndinalipira, ndinathokoza, ndinakwera basi ndikumwetulira.

Madzulo amenewo tinalumikiza SSD ndi hard disk pa chingwe chimodzicho. Mwana wanga ndiye anadina batani, poti makina anali ake. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, "tsa", kenako fungo ngati la jumbo yogwera pa mbaula. Basi. Sipanapite ngakhale nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. SSD yatsopano, imene ndinaigula ndi phindu la madebe angapo a usipa, inafa. Hard disk ya ngongole ndi zithunzi za mayi inafa. Mwana analira poganiza kuti walakwitsa podina. Ndipo inu a geni mukudziwa nokha zimene zimachitika wangongole akamva kuti buku lapsa: naye mutu wake umapsa tsiku lomwelo. Amene anatenga madebe 10 lero akulumbira kuti anali 6.

Nditamuimbira wogulitsa uja anati ndi magetsi akwathu, akuti kumudzi magetsi amabwera mwamphamvu. Bodza. Motherboard sinapse, fani sinapse, furiji ya aneba sinapse. Zinapsa ziwiri zokha zimene zinali pa chingwe chake.

Tsopano mverani chimene chinachitika, monga anandifotokozera fundi wina wachikulire ku Songea, mita yake ili m'manja ndikuona ndi maso anga. Power supply imatulutsa magetsi a mitundu itatu: 12V, 5V ndi 3.3V. Mutu wa chingwe umene umalowa mu hard disk, kapena mu motherboard, ndi wofanana dziko lonse lapansi. Opanga onse anagwirizana kuti pini iyi ndi ya 5V, iyi ndi ya 12V. Koma mutu winawo, umene umalowa m'kabokosi ka power supply ya modular, palibe mgwirizano uliwonse. Kampani iliyonse imayala mapini ake momwe yafunira. Bowo limene kampani ina imatulutsira 5V, ina imatulutsira 12V. Choipa kwambiri n'chakuti pulasitiki yake nthawi zambiri imaumbidwa mofanana, ndiye chingwe cha kampani ina chimalowa bwinobwino. Ngakhale dzina la kampani likhale limodzi, mitundu iwiri ya power supply ikhoza kusiyana mayalidwe, chifukwa makampani ambiri sapanga okha, amapangitsa ku mafakitale osiyanasiyana n'kungomatapo dzina. SSD ndi hard disk ya laputopu zimadya 5V. Chingwe chija chinazimwetsa 12V. Kale zingwe zinali ndi mitundu, yachikasu 12V, yofiira 5V, ya olenji 3.3V, yakuda ya ground, munthu n'kumatsata ndi diso. Za masiku ano zambiri n'zakuda zokhazokha kuti zizioneka bwino. Diso silingakuuze kanthu.

Ndiye mawu oti "chikalowa ndi chake" ndi bodza, ndipo aliyense wogulitsa zida za makompyuta amene amawanena, kaya akudziwa kaya sakudziwa, akuseweretsa ndalama za mnzake.

Ndikudziwa mayankho amene abwere pansipa, chifukwa ena ndawamva kale m'basi.

Wina ati wogula azidziwa yekha chimene akufuna. Chabwino. Nanga ine sindinafunse? Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, phula n'kudyabe, chifukwa wofunsidwayo anasankha kundiyankha zimene sakuzidziwa m'malo monena kuti "sindikudziwa". Vuto lathu ife a geni lili pamenepa. Timaona ngati kunena kuti "ndilibe" kapena "sindikudziwa" n'kuchepa. Kasitomala akaima pakhomo sitifuna achoke ndi ndalama yake, ndiye timamupatsa chilichonse chimene chili pafupi ndi dzanja. Pa sopo ndi pa mabisiketi khalidwe limeneli silipha kanthu. Pa magetsi limapha.

Ndipo musandiuze kuti zinthu zimenezi n'zovuta kuziphunzira. Amayi a zitenje muno amangogwira nsalu ndi zala ziwiri n'kudziwa ngati ndi wax weniweni kapena ndi yongopakidwa. Msodzi wa ku Chiwanda amene sanapite patali ndi sukulu sungamunamize pulopela ya Yamaha 15 kuti ndi ya 40. Inu nomwe ogulitsa matchaja simusokoneza Type C ndi ya iPhone ngakhale mumdima. Mu Epulo 2025, boma la Tanzania litaletsa zokolola zochokera ku Malawi pobwezera chiletso chimene Malawi anaika pa katundu wina, malole ataima pa Kasumulu ndi pa Songwe, gulu lino linadziwa usiku umodzi wokha kuti chikuoloka n'chiti, chosaoloka n'chiti. Palibe anati n'zovuta. Pamene ndalama ili yathu timaphunzira msanga. Pamene ili ya kasitomala timati chingwe ndi chingwe.

Wina ati katundu wakale amabwera choncho, m'makontena, makina mbali ina, zingwe zonse m'thumba limodzi. Zoona, nthawi zina zimatero. Ndiye mukamapikula ku Kariakoo, power supply ya modular imene ilibe zingwe zake zonse isiyeni pomwepo. Ngati mwaitenga, nenani poyera kuti n'njosakwanira, muigulitse pa mtengo wa chinthu chosakwanira, kwa fundi amene ali ndi mita. Koma tisanamizane, alipo ena amene amachotsa dala. Amagula chinthu chathunthu, n'kuzula zingwe, makina kugulitsa payekha, zingwe kuponya m'katoni kuti adzagulitse chimodzichimodzi. Akuganiza kuti ndi nzeru za geni, ngati uja amagulitsa mbuzi n'kulipiritsa chingwe padera. Koma mbuzi imamangidwa ndi chingwe chilichonse, ngakhale luzi. Zingwe izi zikangosakanikirana m'katoni, ngakhale mwini katoniyo sangadziwenso kuti ichi chinali cha makina ati. Waononga makina ndi zingwe zomwe, ndipo katoni yonseyo yasanduka msampha wodikira munthu.

Wina ati, "Ine ndinasinthanitsapo ndipo sizinapse." Ndikukhulupirirani. Zimachitika kuti makina awiri anachokera ku fakitale imodzi, mayalidwe n'kufanana. Alipo amene anaoloka kupita ku Likoma pa bwato mwera ukuomba n'kufika. Kodi n'chifukwa chake muuze mwana wa mnzanu kuti akwere?

Yankho limene limandikwiyitsa koposa ndi ili: "Inunso akumudzi, kompyuta yomanga nokha ya chiyani? Bwanji osangogula yathunthu?" Ena amafika ponena kuti kunyanja kuno foni yakwana. Abale anga, Nyasa ndi boma palokha kuyambira 2012. Kuli maofesi, kuli masukulu, aphunzitsi akufuna kusindikiza mayeso, asodzi akufuna makalata a magulu awo, ana akufunsira malo ku makoleji pa intaneti. Tala wafika mpaka ku Mbamba Bay. Munthu wogula chimodzichimodzi sakuchita matama, akuchita zimene tonsefe timachita pomanga nyumba: lero njerwa, chaka chamawa malata. Ndipo kutalika kwa kwathu ndiko kuyenera kukupangitsani kusamala kwambiri. Wa ku Dar es Salaam akagula chingwe cholakwika pa Aggrey amakwera daladala n'kukabweza tsiku lomwelo. Ine ndikalakwiridwa, kuti ndikafike kumeneko ndi bodaboda, basi ya ku Mbinga, ya ku Songea, kenako tsiku lathunthu pamsewu. Wa ku Nkhata Bay kapena ku Cobue amadikiranso nyanja. Mukanyamula chida chopita kunyanja, dziwani kuti mwanyamula chinthu chimene sichidzabwerera.

Poti ndayamba, ndinene ndi za makompyuta a m'maofesi akale amene adzaza msika, chifukwa kumenekonso anthu akugwa. Anthu amagula motherboard yozulidwa m'makina oterowo poti n'njotsika mtengo, poganiza kuti aiika m'bokosi lililonse. Dell OptiPlex 3020, 7020 ndi 9020 motherboard yake ilibe malo a mapini 24, ili ndi a mapini 8 a mtundu wakewake, ndipo magetsi a hard disk amatuluka pa motherboard pomwepo kudzera pa kachingwe kena kakang'ono. HP EliteDesk 800 G1 imagwiritsa ntchito mapini 6. Makina amenewa ndi olimba, palibe cholakwika, anangopangidwa kuti azikhala athunthu. Koma mukawaphwasula n'kumagulitsa ziwalo, kachingwe kakang'onoko kakatayika, wogula adzayenda ulendo ngati wanga. Ma adapter ake alipo, koma nawonso amatsata nambala ya makina. Pali mapini 8 ena awiri amene amapusitsa anthu: a processor ndi a graphics card. Kuwerenga onse ndi 8, koma mbali ya 12V n'njosiyana. Pulasitiki yake inaumbidwa mosiyana pang'ono kuti isalowe, koma mwamuna wamphamvu amene wauzidwa kuti chilichonse chimalowa amakankha mpaka chilowe.

Ngakhale chingwe cha pakhoma, chija chonga cha ketulo, chimene tonse timachiyesa chosavuta. Tanzania ndi Malawi tili ndi mwayi, pulagi yathu ya mapini 3 amakona ndi imodzi ndipo magetsi ndi 230V mbali zonse. Koma makina ochokera ku Johannesburg amabwera ndi pulagi ya mapini aakulu obulungira, ochokera ku Lichinga ndi mapini 2 obulungira. Ndaona anthu akudula pulagi n'kulowetsa mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi, kutaya fyuzi ndi waya wa earth. Gulani chingwe china, n'chotchipa. Koma pogula, samalani ndi zopepuka ngati udzu. Zambiri kunja n'zonenepa, m'kati muli timawaya towerengeka, tina si kopa n'komwe. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni: kakayera m'kati ndi aluminiyamu yopakidwa. Ikani maginito: ikagwira ndi chitsulo. Chingwe chotero chimatentha pang'onopang'ono kuseri kwa tebulo, m'nyumba ya denga la udzu. Inu amene mumapikula zingwe pa mtengo wotsikitsitsa, munayamba mwadulapo chimodzi kuti muone chimene mukugulitsa?

Tsopano ndikuuzeni za munthu amene anandibwezera mtima, kuti musati ndikunyoza a geni onse. Zitapsa zija ndinapempha mayi wina wa muno, amene amapita ku Kariakoo kukatenga zitenje, kuti akandiyang'anire chingwe chenicheni. Mayiwa za makompyuta sadziwa chilichonse ndipo ananena okha. Anati, "Bambo, nditumizireni chithunzi cha pepala lomata pa makinawo, nambala ioneke, ndi chithunzi cha mabowo." Anasiya maoda awo, anazungulira maduka a pa Aggrey ndi pa Likoma (inde, ku Kariakoo kuli msewu wotchedwa Likoma) kwa maola awiri. Anyamata atatu anawapatsa zingwe akuti ndi zomwezo. Mayiwa aliyense ankamufunsa funso limodzi: "Ndionetse pamene palembedwa kuti n'cha nambala iyi." Palibe anawaonetsa. Madzulo anandiimbira.

"Bambo, chenicheni palibe. Zofanana zilipo zambiri, koma ndalama yanu sindiitaya pa chofanana. Ndikubwezerani."

Ndipo anandibwezera pa M-Pesa usiku womwewo, osachotsapo ngakhale ya madzi akumwa. Sanapeze phindu lililonse pa ine tsiku limenelo. Koma lero zitenje za mkazi wanga, za alongo anga ndi za kwaya yonse ya kutchalitchi kwathu zikuchokera kwa mayi ameneyo. Wa katoni uja anapeza ya chingwe chimodzi.

Mapeto ake anandithandiza ndi fundi wa ku Songea uja. Anatenga chingwe chomwe chinaotchacho, anayeza bowo lililonse la power supply ndi mita, anazula mapini m'mutu wa chingwe ndi kachitsulo kopyapyala n'kuwabwezera m'malo oyenera, kenako anayezanso kawiri asanalumikize kanthu. Anandionetsa mmene amayatsira power supply payokha popanda kompyuta, polumikiza pini ya waya wobiriwira wa pa mapini 24 ndi wakuda. Pa mutu wa SATA mawaya 5 amayenera kutsatana motere kuyambira mbali imene ili ndi kangodya: 3.3V, ground, 5V, ground, 12V. Zikasiyana ndi pamenepa, musalumikize. Anandichenjezanso kuti kabokosi kenikeniko kasatsegulidwe ndi munthu wamba, chifukwa m'kati mumatsala magetsi ngakhale mutazula pakhoma. Ntchito yonse sinathe ola limodzi. Mita imene anagwiritsa ntchito imapezeka m'maduka a zamagetsi ku Songea ndi ku Mzuzu komwe, ndipo mtengo wake sufika pa SSD imodzi. Munthu amene geni yake ndi zida za makompyuta koma alibe mita ali ngati wogulitsa mpunga wopanda sikelo.

Fundiyo ananenanso mawu amene ndikanakonda ndikanawamva poyamba. Anati kwa ife akutali, power supply yabwino ndi ija zingwe zake zinatulukira m'kati zosazuka. Sioneka yapamwamba, zingwe zotsala zimadzaza m'bokosi, koma palibe chotayika ndipo palibe chosokoneza. Anatinso motherboard ikakhala ndi malo a M.2, gulani SSD ya mtundu umenewo, imalowa pa motherboard pomwepo ngati RAM, siifuna chingwe chilichonse. Yanga inali nawo malowo. Ndikanadziwa, mwana akanayamba ntchito milungu isanu m'mbuyomo, hard disk yakale n'kudikira mwakachetechete m'kabati.

Ndiye pempho langa kwa inu onyamula zida ndi ili. Mukagula power supply ya modular, werengani zingwe pamaso pa wogulitsa, muzimange ndi mphira pa makina ake, zilowe m'jumbo imodzi, ndipo zisasiyane mpaka m'manja mwa mwini wake. Pa boda akamasula katundu, mangani nokha pobwezera, musasiyire anyamata onyamula. Munthu akakutumani chingwe, musavomere mawu okha akuti "cha power supply" kapena "cha mapini 6". Muuzeni atumize chithunzi cha nambala. Ngati wogulitsa sangakuonetseni kuti chingwecho n'cha nambala imeneyo, imbani foni munene kuti palibe. Ndipo katoni ya zingwe zosakanikirana ija, ngati muli nayo pansi pa tebulo, lembanipo ndi inki kuti ZOSAYEZA, kapena mukaipereke kwa fundi. A Admin, ndikupempha kuti aliyense wotsatsa zida zamagetsi muno aziika chithunzi cha pepala la nambala, monga timakakamizira a nsapato kuika saizi.

Iwe mnyamata wa dzulo uja, nditumizire chithunzi cha makina ako ku inbox. Lachisanu ndikupita ku Songea ndi usipa, ndikamuonetsa fundi. Usalipire kanthu.

Kompyuta ya mwana ikugwira ntchito tsopano, ndi SSD yachiwiri imene ndinagulanso. Sabata yatha wasindikiza mayeso a sukulu ina ya pulayimale ndi makalata a gulu la asodzi. Hard disk yakale ndaikulunga m'kansalu, ili m'chitini. Fundi akuti chimene chinapsa n'kutheka kuti ndi kabolodi kobiriwira ka kunja kokha, zolembedwa zikadali m'kati, ndipo akapeza hard disk ina ya nambala yofanana ndendende akhoza kusintha kabolodiko n'kusamutsa kachipu kake. Chithunzi cha nambala ndaika m'munsimu. Amene muli ndi malaputopu akufa m'maduka mwanu, ku Mzuzu, ku Kyela, ku Mbeya, ku Dar, chonde tembenuzani muone. Ndigula ngakhale ikhale yosagwira ntchito, bola kabolodi kakhale kamoyo. Ndipo ngati nambala yasiyana ngakhale chilembo chimodzi, musanditumizire.